Mapepala ndili nawo koma moyo waima: amene munadutsamo munayambira pati?

Wa ku Chikanda:
Ndikupereka moni kwa makolo ndi abale nonse a pa gulu lino. Ndakhala ndikuwerenga zokambirana zanu osalankhulapo, koma lero ndaganiza zotula nkhawa yanga, chifukwa kuisunga mumtima sikukundithandiza. Ndinamaliza maphunziro a ukachenjede zaka zingapo zapitazo, ndipo kuchokera pamenepo ndakhala ndikulemba makalata ofunsira ntchito, ena kukasiya ndekha ku Blantyre, ena kutumiza pa intaneti, koma yankho silibwera, ngakhale londikana lomwe. Ndikukhalabe ku Zomba kuno, m'chipinda chimene ndinkachita lendi ndili pasukulu, ndipo oyandikana nawo tsopano ndi ana amene anali ku sekondale pamene ine ndinkavala gauni. Kumudzi sindipitako, poti mayi anga anagulitsa mbuzi zawo pondithandiza, ndipo ndikangofika aliyense amafunsa kuti ndikugwira kuti. Chimene chikundiopsa tsopano si umphawi wokha ayi. Ndikadzuka sindiona chifukwa chodzukira, usiku tulo sitibwera, mpira umene ndinkaukonda sundikomeranso, ndipo anzanga akaimba foni ndimangoiyang'ana mpaka isiye kulira. Sindikupempha ndalama. Ndikufunsa amene munagwirapo njakata motere kuti munayambira pati.

Bambo a Madalitso:
Mwana wanga, ndawerenga zonse ndipo ndakumvani. Limbani mtima, pakuti simuli nokha, ndipo ngakhale ife amene tili ndi timagolosale ku Mpondabwino tikungopumira m'mwamba. Kuchokera pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu amene ndaoda lero sindimupezanso pa mtengo womwewo ndikabwerera kooda, moti phindu limathera m'njira. Komabe m'mawa uliwonse ndimatsekula chitseko. Langizo langa n'lakuti muike kaye mapepalawo m'sutikesi, mufunefune kampamba ngakhale kochepa, mukaode mbatatesi kapena zipatso za kuphiri n'kumagulitsa mumsika. Achinyamata ambiri ophunzira chikuwamanga ndi manyazi, poti amaona ngati kugwira sikelo n'kunyazitsa sukulu yawo. Mwamuna sagona dzuwa lili paliwombo.

Nabanda wa ku Sadzi:
Bambo a Madalitso, ndikulemekeza mawu anu, ndipo zoti ntchito ilibe manyazi n'zoona, koma ndikupempha kuti tiwerengenso modekha zimene achimwenewa alemba. Sananene kuti akukana kugulitsa mbatatesi. Anena kuti tulo tawathawa, kuti zimene ankakonda sizikuwakomeranso, ndiponso kuti akubisala kwa anzawo. Munthu wotere mukamuuza kuti alimbe mtima amamva ngati mwamutcha waulesi, ndipo mawa satsekulanso pakamwa. Kwathu kuno tinaika maliro a bambo wina amene aliyense ankamutama kuti ndi wolimba mtima, ndipo kusiwa n'kumene tinayamba kukumbutsana kuti anali atasiya kubwera pa bawo, kuti ankadya yekha, kuti anali atayamba kubweza zinthu zimene anabwereka kwa anthu. Aliyense anaona kenakake koma palibe anafunsa. Malipoti a apolisi chaka ndi chaka amasonyeza kuti ambiri mwa anthu odzipha m'dziko muno ndi amuna, ndipo ine ndimakhulupirira kuti mawu akuti mwamuna salira ali ndi gawo lake pamenepo.

Namwino wopuma ntchito:
Ndinagwira unamwino mpaka kupuma, ndipo mbali ina ya zaka zimenezo ndinkasamalira odwala matenda a m'maganizo, choncho ndiloleni ndiikepo ndemanga. Kukhumudwa chifukwa chosowa ntchito si matenda. Munthu aliyense wamutu wake angakhumudwe. Koma pali malire amene akadutsidwa timayamba kuganizira za matenda ovutika maganizo, amene ambiri amangowatchula kuti dipuleshoni. Timayang'ana ngati munthu wakhala wosweka mtima kapena wosakondwa ndi chilichonse pafupifupi tsiku lonse, tsiku ndi tsiku, kwa masabata awiri kapena kuposerapo, ndipo pamwamba pake tulo tasokonekera, kadyedwe kasintha, thupi ndi lolefuka, maganizo sakhazikika pa chinthu chimodzi, ndipo iye akudziona ngati wopanda pake kapena mtolo kwa abale ake. Kwathu kuno ochepa ndi amene amafika kuchipatala n'kunena kuti akhumudwa. Ambiri amabwera akudandaula mutu wosatha, mtima kuthamanga, kuphwanya m'thupi, ndipo amayezedwa malungo kangapo konse osapezeka nawo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati akuluakulu oposa 5 mwa 100 alionse ali ndi vutoli, ndiye si lachilendo, ndipo limachizika.

Choipa cha matendawa n'chakuti amadzikulitsa okha. Munthu akafooka amasiya kutuluka, akasiya kutuluka sakumananso ndi chomuseketsa kapena chomupatsa mwayi, ndipo zimenezo zimamutsimikizira kuti palibedi chabwino chimene chingamuchitikire. Kutaya mtima kumene mukumvako, achimwene, kumaoneka ngati nzeru yoona zinthu mmene zilili, chonsecho nthawi zambiri kumakhala chimodzi mwa zizindikiro za matenda omwewo. Tsono ndikufunsani poyera, ndipo musachite manyazi: kodi maganizo ofuna kudzichotsa moyo amakufikirani? Ena pagulu pano adabwa kuti ndafunsa motero, koma kufunsa sikuika maganizowo m'mutu mwa munthu, ndipo ambiri amapepukidwa akapeza wowafunsa mosazungulira.

Wa ku Chikanda:
Zikomo amayi pondifunsa mosabisa. Kunena zoona, usiku wina ndimaganiza kuti bwenzi zili bwino ndikanangogona osadzukanso, koma sindinakonzepo chilichonse choti ndidzipweteke nacho, ndipo ndikakumbukira mayi anga maganizowo amabwerera m'mbuyo. Kuchipatala ndimaopako pa chifukwa chimodzi. Tonse tikudziwa kuti m'dziko lonse lino anthu akamva kuti uje apita naye ku Mental ku Zomba amaganiza za munthu womangidwa zingwe, ndipo ine ndimakhala m'tauni yomweyi, mmene wakabaza wondinyamula akhoza kukhala woyandikana naye nyumba.

Namwino wopuma ntchito:
Mwachita bwino kunena, ndipo maganizo amenewo, ngakhale mulibe chimene mwakonza, sitiwasiya kuti adikire. Lero lomwe sankhani munthu mmodzi amene mumamukhulupirira, mumuuze mawu omwe mwalemba panowa, ndipo ngati m'chipindamo muli mankhwala oopsa a mtundu uliwonse mumupatse akasunge kwawo, chifukwa nthawi yoopsa kwambiri imakhala yaifupi ndipo imadutsa ngati choopsacho chili patali. Maganizowo akakula musadikire kuti kuche. Dzutsani mnzanu akuperekezeni ku Zomba Central Hospital. Pali nambala ya Chipatala cha pa Foni, 929, ndipo bungwe la YONECO, limene likulu lake lili mu Zomba momwe muno, lili ndi alangizi oyankha mafoni a Tithandizane. Nambala yawo yodziwika kwambiri ndi 116, imene kwenikweni inakhazikitsidwira ana.

Kunena za manyazi, simukakamizidwa kuyambira ku Mental. Mukhoza kuyambira pa chipatala chaching'ono cha Matawale kapena ku Central, pamzere womwe amaimapo odwala chifuwa, ndipo zimene mwanena m'chipinda cha dokotala ndi chinsinsi chanu. Ngakhale ku Mental komweko si onse amagonekedwa, ambiri amaonedwa n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Anthu a ku Nsanje ndi ku Mangochi amalipira thiransipoti yodula kuti afike pamalo amene inu mukhoza kufikapo pansi.

Mphunzitsi wa ku Domasi:
Sindikutsutsa zimene amayi anamwino anena, ndipo achimwene apitedi akaonedwe. Koma ndili ndi nkhawa ina imene sindingagone nayo. Ndikuopa kuti tingasandutse vuto la dziko kukhala matenda a munthu mmodzi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi muli anthu 17.5 miliyoni, ndipo oposa theka anali osakwana zaka 18, kutanthauza kuti chaka chilichonse khamu la achinyamata limalowa pamsika wa ntchito umene sukukula mofanana nalo. Tikabwera ku Zomba kwathu kuno, likulu la dziko linasamukira ku Lilongwe mu 1975, ndipo chimene chinatsala ndi tauni yodalira malipiro a boma: asilikali a ku Cobbe Barracks, apolisi, a ndende, a ku yunivesite, a ku MANEB, a ku National Statistical Office, ndi ogwira ntchito m'zipatala. Mafakitale akuluakulu olemba anthu mazanamazana mulibe. Wina akalowa pa mpando umodzi mwa imeneyi amakhalapo mpaka kupuma, ndipo panja pamaima anthu ochuluka a mapepala ofanana. Ndaphunzitsa ana anzeru amene lero akuyendetsa kabaza, ndipo sindingawauze kuti vuto lili m'mutu mwawo. Piritsi silitsekula fakitale, ndipo mnyamata amene wakhumudwa chifukwa chokanidwa kwa zaka sakulota ayi, akuona zenizeni.

Nabanda wa ku Sadzi:
Aphunzitsi, zonse mwanenazo n'zoona ndipo palibe amene akuti achimwenewa analakwa. Funso langa n'lakuti, tsiku limene mwayi udzatuluke, udzapeza munthu wotani? Iwo eni anena kuti foni ikalira sayankha, ndipo m'dziko muno ntchito zambiri, makamaka za kanthawi monga kalembera ndi kafukufuku wa mabungwe, zimamveka kudzera mwa mnzako amene wakukumbukira n'kukuimbira. Chuma cha dziko sitingachikonze pagulu pano usiku uno, koma tulo, kudya ndi kuyankha foni n'zimene zikhoza kubwezeretsedwa, ndipo popanda zimenezo ngakhale fakitale itatsekulidwa pa Chikanda pomwepo iwo sadzafikako.

Msodzi wa ku Kachulu:
Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma za kudikira ndikuzidziwa. Nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yake yaikulu inaphwanso, moti mabwato anakhala pa dothi long'aluka pa doko lathu ngati munthu wachita kuwataya. Akuluakulu ankatiuza kuti mu 1968 zinachitikanso ndipo madzi anabwerera, choncho zoti nyanja imabwerera tonse tinkazidziwa. Chimene chinasiyanitsa anthu ndi zimene anachita m'miyezi ya pakatipo. Ena ankafika padoko m'mawa uliwonse, n'kukhala pamphepete pa bwato louma kuyang'ana kumene kunali madzi, madzulo n'kukathera ku kachasu. Pamene madzi anabwerera, maukonde awo anali atadyedwa ndi makoswe m'denga, mabwato atang'aluka ndi dzuwa, ena atagulitsa ngakhale nkhafi. Enafe tinkapita kukagwira ganyu m'minda ya mpunga ya ku Likangala, ndipo Loweruka tinkayala maukonde pansi pa mtengo n'kumasoka, ndi kumata ming'alu ya mabwato ndi phula, ngakhale panalibe madzi oti n'kuyandamapo. Anthu odutsa ankatiseka. Ganyuyo sanatilemeretse, ndipo matemba ndi makumba atabwerera sitinali ndi ndalama kuposa anzathu, koma tinali ndi cholowera nacho m'madzi. Achimwene, mutu wanu ndi thupi lanu ndilo bwato limenelo, ndipo kulimata nthawi ya chilala si misala. Ndionjezere kuti ena mwa amene ankakhala padoko aja anali asodzi akhama kuposa ine, ndipo pomva zimene amayi anamwino afotokoza ndikuganiza kuti ena a iwo ankadwala, ife n'kumawatcha zidakwa.

Mayi a Tadala:
Ndinene zanga, mwina zithandiza. Namondwe wa Freddy atawomba mu Malichi 2023, khoma la nyumba imene tinkachita lendi kufupi ndi mtsinje wa Likangala linagwa, ndipo mabelo a kaunjika amene ndinali nditangooda ndi ndalama ya katapila ananyowa n'kuchita nkhungu. Ngongole inatsala, geni inatha. Miyezi yotsatira ndinkatseka chitseko n'kukhala mumdima, ana akapita kusukulu ndinkabwerera pamphasa, ndipo munthu akagogoda mtima unkadumpha poganiza kuti ndi mwini ndalama. Anthu ambiri anandilangiza, ena ndi mavesi, ena ndi mawu olimbikitsa, ndipo zonse zinkalowa khutu ili n'kutulukira linali.

Amene anandidzutsa ndi agogo ena oyandikana nawo, amene sanandilangize chilichonse. Ankabwera m'mawa ndi lichero la nyemba, n'kukhala pakhonde panga, n'kunena kuti maso awo sakuonanso timiyala ndiye ndiwathandize kusankha. Tsiku loyamba ndinatuluka chifukwa cha ulemu basi, nditafunda chitenje kumutu, ndipo tinasankha nyembazo osalankhulana. Mawa lake anabwera ndi nandolo woti tisole, tsiku lina anati ndiwaperekeze kuchigayo. Patapita nthawi ndinazindikira kuti maso awo ankaona bwinobwino. Ndi iwo omwewo amene anandiperekeza kuchipatala, kumene anandipatsa timapiritsi ta amitriptyline tomwa usiku. Poyamba tinkandiumitsa kukamwa ndi kundigonetsa kwambiri, ndipo ndinatsala pang'ono kutisiya poona kuti palibe chikusintha, koma patadutsa masabata ndinadzipeza ndikukalipira mwana chifukwa chotaya sopo, ndipo ndinadabwa kuti ndayambanso kusamala za sopo. Ngongole ija sinachoke ndi mapiritsi. Ndinapempha amfumu kuti akhale mboni, tinakhala pansi ndi mwini ndalama, chiwongoladzanja chinaimitsidwa ndipo tinagwirizana zobweza pang'onopang'ono. Zimenezo ndikanatha kuchita kale, koma mphamvu yoyang'anana ndi munthuyo ndinalibe. Lero ndikugulitsa mandasi ndipo ndili m'banki mkhonde. Sindinabwerere pamene ndinali, koma chitseko changa chimakhala chotsekula.

Namwino wopuma ntchito:
Zimene agogo amenewo anachita n'zimene alangizi ophunzira amaphunzitsidwa m'kalasi. Anthu ambiri amadikira kuti mtima ufune kaye ndiye achite kanthu, koma pa matendawa zimayenda chobwerera: munthu amayamba kuchita kanthu kakang'ono mtima usakufuna, ndipo kufunako kumabwera pambuyo. Kanthuko kamayenera kukhala kochepa moti n'kovuta kulephera, kokhala ndi nthawi yake, ndipo makamaka kokhudza munthu wina amene akukudikira. Ku Zimbabwe dokotala wa matenda a m'maganizo Dixon Chibanda anayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench, imene amayi achikulire amaphunzitsidwa kukhala pa benchi panja pa chipatala n'kumakambirana ndi munthu wovutika maganizo. Sapereka malangizo ambirimbiri. Amathandiza munthuyo kutchula mavuto ake onse, kusankhapo limodzi lokha limene angayambe nalo, ndi kukonza chimene achite asanakumanenso. Zotsatira za kafukufuku wawo ku Harare, zimene zinatuluka mu 2016, zinasonyeza kuti anthu othandizidwa motere anapeza bwino kuposa amene analandira chithandizo cha nthawi zonse.

Za mankhwala ndinene pang'ono. Si aliyense amafunika mapiritsi, ndipo woona zimenezo ndi dokotala, osati mnzanu amene anatsala nawo ake. Amene apatsidwa, kaya amitriptyline kaya fluoxetine, adziwe kuti kusintha kumayamba kuoneka pakadutsa masabata awiri mpaka anayi, nthawi zina kuposerapo, ndipo munthu akapeza bwino amapitirizabe kumwa kwa miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa kuti matenda asabwerere. Ambiri amasiyira panjira poganiza kuti achira kapena kuti sakugwira ntchito. Akakuvutani bwererani mukanene, akusinthireni, m'malo mongowataya.

Che Mdala wa ku Songani:
Ndawerenga mwachifatse, ndipo ndikufuna kunenapo za chipembedzo, poti Mayi a Tadala anena kuti mavesi sanawathandize ndipo ena angamve molakwika. Ine ndine Msilamu, ndipo chimene ndaona pa msinkhu wanga n'chakuti mzikiti umathandiza munthu wosweka mtima m'njira imene anthu saiwerengera. Swala zisanu zimadula tsiku m'magawo, moti munthu wosagwira ntchito amakhalabe ndi nthawi yodzuka, yosamba ndi yotuluka, ndipo akasowa pamzere Lachisanu anzake amapita kukamuona. Ndikukhulupirira kuti abale athu Achikhristu ali ndi zofanana nazo m'miphakati, m'milaga, m'makwaya ndi m'magulu a amayi. Chimene ndimakana ndi munthu, wa chipembedzo chilichonse, amene amauza wodwala kuti kukhumudwa kwake ndi umboni wa chikhulupiriro chochepa, kapena amene amamugulitsa madzi ndi mafuta n'kumuuza kuti ataye mankhwala a kuchipatala. Munthu wosowa mtengo wogwira amagula chilichonse, ndipo alipo amene apeza malonda pa misozi ya anzawo. Enanso amathamangira kunena kuti mnyamata wophunzira akasowa ntchito ndiye kuti wina kumudzi anamutsekera mwayi, ndipo mabanja amadana mpaka kalekale pa nkhani imene aphunzitsi aifotokoza bwino ndi manambala. Pemphero ndi chipatala sizilimbana.

Wakabaza wa ku Chinamwali:
Akuluakulu mwanena zambiri zabwino, koma pali dzenje limodzi limene simunalitchule, ndipo ife achinyamata ndi limene tikugweramo kwambiri. Ndikunena za kubetcha mpira pa foni. Munthu amene waona kuti khama silimupindulira amayamba kukhulupirira kuti chomupulumutsa ndi mwayi wa tsiku limodzi, ndipo kubetcha kumagulitsa chiyembekezo chimenecho pa mtengo wotsika. Pa siteji pathu ndimaona anzanga akupalasa kuyambira m'bandakucha, madzulo n'kuika zonse pa matimu a ku Ulaya, ndipo akadyedwa amabwereka kuti abweze zotayika. Chimene chimakoma si kupambana, koma maola aja amene masewero asanathe, pamene munthu amadziona atagula kale njinga yamoto. Mawa lake kukhumudwa kumakhala kowirikiza. Mowa nawonso umachita chimodzimodzi. Umagonetsa msanga koma pakati pa usiku umakudzutsa, maganizo ali pomwepo ndipo m'thumba mulibe kanthu. Achimwene a ku Chikanda, ngati simunayambe ziwirizi musaziyandikire nyengo ino.

Mphunzitsi wa ku Domasi:
Pa mfundo yanga ndikadaimabe, ndipo nkhani ya ntchito za achinyamata tiyenera kumaifunsa kwa amene timawavotera. Koma poti tikukamba za munthu amene ali pakati pathu, ndinene chimene ndingathe. Pali ana angapo amene akubwereza mayeso a MSCE ndipo amakumana masana m'kalasi ina kufupi ndi kwanu, koma alibe wowathandiza masamu ndi sayansi. Makolo awo amasonkha kangachepe, kosakwana lendi, koma ka sopo ndi mayunitsi. Ndikutchula zimenezi osati ngati ntchito imene munaiphunzirira, koma chifukwa ana akamakudikira pa ola lodziwika umasamba n'kupita ngakhale mtima ukukana. Mukaonedwa kuchipatala n'kuona kuti mungathe, mundilembere kumbali, ndipo mukayambe ndi tsiku limodzi pa sabata.

Wa ku Chikanda:
Ndathokoza nonse. Usiku wathawu ndinamuuza msuweni wanga amene amagwira ntchito mumzinda momwe muno, ndipo anabwera kudzagona kwathu. Iye ndi amene andiperekeze kuchipatala Lolemba. Aphunzitsi, ndikulemberani ndikabwerako. Chimene chikundilemerabe ndi nkhani ya mayi anga. Kodi ndiwauze zonsezi, pamene iwo akuyembekezera kumva kuti ndapeza ntchito? Ndikuopa kuwaonjezera katundu pa ukalamba wawo.

Bambo a Madalitso:
Apa ndiloleni ndiyankhe ine ngati kholo, chifukwa nanenso ndili ndi mwana amene anamaliza sukulu ndipo ali pakhomo. Pa mfundo ya geni sindinasinthe, ndipo mukachira mudzabwere ndidzakuonetseni kooda. Koma za mayi anu mukulakwitsa kuwerenga. Kholo likagulitsa mbuzi silikhala likukongoza mwana, ndipo chimene chimatipweteka ife si mwana wosagwira ntchito, koma mwana amene wasiya kubwera ndi kuimba, chifukwa usiku timagona tikuganiza kuti mwina tinamulakwira kapena watinyoza. Mayi anu akudziwa kale kuti simuli pantchito. Akanakhala kuti muli pantchito bwenzi ataona shuga. Chimene sakudziwa n'chifukwa chake simukuoneka. Pitani chimanjamanja, mukawathandize kupalira kapena kukonza nkhokwe, ndipo ofunsa za ntchito muziwayankha kuti mukufunafunabe, basi. Za maganizo a usiku aja mukhoza kuyamba mwauza amalume anu, iwo adzadziwa mmene angawafikitsire kwa mlongo wawo.

Mayi wa ku Thondwe:
Pepani kuti ndikulowerera nkhani ya eni, koma zimene zalembedwa pano zikufanana ndi zimene ndikuona m'nyumba mwanga. Amuna anga anachotsedwa ntchito chaka chatha, ndipo kuchokera pamenepo amangokhala kuseri kwa nyumba, sakudya bwino, ndipo akalankhula amakhala akukalipa pa zinthu zazing'ono, chonsecho kale anali munthu wanthabwala. Ndikatchula za chipatala amati sanapenge. Kodi munthu wokana yekha timamuthandiza bwanji?

Namwino wopuma ntchito:
Simunalowerere, amayi, nkhani ndi yomweyi. Mwa amuna ambiri matendawa amaonekera m'kupsa mtima ndi m'kumwa kusiyana ndi m'misozi, ndiye zimene mwaonazo musazichepetse. Mawu akuti matenda a maganizo asiyeni kaye, poti ndi amene akuwathawitsa. Yambirani pa zimene iwo eni angavomereze, monga kusagona, kuwonda kapena mutu, ndipo muwapemphe kuti akayezetse zimenezo pamodzi ndi kuthamanga kwa magazi ndi shuga, zimenenso n'zoyenera pa msinkhu wawo. Musalankhule nawo pamaso pa ana kapena mkangano uli mkati. Sankhani nthawi imene mwakhala awiri. Ngati mawu anu sakulowa, fufuzani mwamuna mnzawo amene amamumvera, kaya ankhoswe, kaya mkulu wa mpingo, kaya mnzawo wakale wa kuntchito, ndipo ameneyo asabwere ngati woweruza mlandu koma ngati wofuna kuperekezedwa kwinakwake. Akavomera, pitani nawo m'mawa mutatenga kabuku kawo ka kuchipatala, ndipo mupemphe kulowa nawo kuti zimene iwo angabise inu muzitchule. Koma mukamva akunena kuti kuli bwino atafa, kapena mukaona akugawa katundu wawo ndi kutsanzika anthu mosadziwika bwino, musadikire chilolezo chawo. Chotsani m'nyumba mankhwala a m'munda ndi china chilichonse choopsa, musawasiye okha, ndipo itanani abale awo tsiku lomwelo kuti mupite nawo ku Central. Ngati kukalipako kwafika pokuopsezani inu kapena ana, uzani ankhoswe ndi apolisi a m'dera lanu, ndipo inu ndi anawo mukagone kwa achibale kufikira ataonedwa.